Mmisiri akati "ndimalipiritsa pa mita", inu mufunse chiyani?

Fodya akagulitsidwa, thonje likakwera galimoto kupita ku fakitale ya ku Cuamba, m'midzi mumayamba kumveka nyundo. Iyi ndiyo nyengo imene mabanja a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba amakonza nyumba. Wina akuchotsa udzu kuti akhome malata. Wina akupaka pulasitala. Wina akuthira simenti pansi pomwe kale ankazira ndi dothi. Koma ena sakukonza mwa kufuna kwawo. Mphepo ndi mvula za Gombe mu Malichi 2022, za Freddy mu Malichi 2023 ndi za Chido mu Disembala 2024 zinasasula madenga ndi kung'alula zipupa m'madera ambiri a kumpoto ndi pakati pa dziko lino, ndipo alipo mabanja amene akusonkhanitsabe ndalama zokonzera.

Chimene chasintha ndi kalankhulidwe ka amisiri. Kale mmisiri ankazungulira nyumba, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti, "Ntchito yonseyi ndi mwakuti." Mumakambirana mpaka kumvana. Masiku ano, makamaka m'tauni ya Cuamba ndi pa Mandimba, mumva mawu ena: "Ine ndimalipiritsa pa mita." Mawuwa amamveka ngati a munthu wodziwa, ndipo ambiri a ife timachita manyazi kufunsa kuti mita yake ndi iti. Timangogwedeza mutu. Ndalama ya chaka chathunthu cha kumunda imatha kupita ndi kugwedeza mutu kumeneku.

Kulipiritsa pa mita si chinyengo ayi. Ndi njira yabwino, chifukwa imakupatsani mpata woyerekeza amisiri awiri kapena atatu. Koma imathandiza munthu yekhayo amene wadziyezera yekha nyumba yake.

Mita imene mmisiri akunena si ya mulitali chabe. Ndi sikweya mita, imene pa Chipwitikizi amati metro quadrado, ndipo pa pepala amalemba m². Jambulani pansi bwalo la mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse mita imodzi. Malo a m'kati mwakemo ndiwo sikweya mita imodzi. Kuti mudziwe kuti nyumba yanu ili ndi masikweya mita angati, yezani mulitali, yezani mulifupi, ndipo chulukitsani. Nyumba ya mamita 7 mulitali ndi mamita 6 mulifupi ili ndi masikweya mita 42, pakuti 7 kuchulukitsa ndi 6 ndi 42. Tepi yoyezera imapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira, ndipo foni yanu ili ndi kakyuleta. Ngati masamu ochulukitsa simunafike nawo m'kalasi, mwana wa giredi 5 akuthandizani.

Tiyende nayo nyumba imeneyi ya 7 ndi 6. Mitengo imene nditchule ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu mudzaikapo mitengo ya lero ya kwanuko.

Mmisiri woyamba wati akonza nyumbayo pa 2,000 MT pa sikweya mita. Pamodzi ndi 84,000 MT. Wachiwiri anaphunzira ntchito ku Mangochi, amawerenga m'mafiti, monga amachitira amisiri ambiri a ku Malawi. Iye wati, "Ine ndi 200 MT basi, pa sikweya fiti." M'khutu, 200 ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi 2,000. Mutha kuganiza kuti mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Koma fiti ndi yaifupi. Ndi masentimita 30 ndi theka okha, ndipo mu sikweya mita imodzi mumalowa masikweya fiti pafupifupi 11, kunena molondola 10.76. Nyumba yanu ya masikweya mita 42 ili ndi masikweya fiti 452. Chulukitsani 452 ndi 200: mupeza 90,400 MT. Wa 200 uja ndiye wodula, ndipo waposa mnzake ndi 6,400 MT. Sananame, wangolankhula ndi muyeso wina. Ife a m'malire, amene timagula ku Chiponde lero, ku Mandimba mawa, tiyenera kuusunga m'mutu mlozo umenewu: mtengo wa pa fiti uchulukitseni ndi 11 kuti muuyerekeze ndi wa pa mita.

Funso lachiwiri ndi lakuti wayeza pati. Nyumba ikayezedwa kunja, 7 ndi 6, zipupa zawerengedwa momwemo. Ngati zipupa ndi zochindikala masentimita 20, m'kati mwatsala mamita 6.6 ndi 5.6, amene ndi masikweya mita 37. Kusiyana kwake ndi masikweya mita 5, ndiye kuti 10,000 MT pa mtengo uja. Pa ntchito ya denga kapena maziko, kuyeza kunja n'koyenera. Koma pa ntchito yothira simenti pansi kapena kuika matailosi, mmisiri sagwira ntchito kunsi kwa chipupa. Ayeze m'kati. Khonde nalonso likambidwe palokha. Khonde la mamita 7 ndi 1.5 ndi masikweya mita 10.5, ndipo likawerengedwa pa mtengo wofanana ndi chipinda, mwalipira 21,000 MT pa malo opanda zipupa zinayi, opanda zenera, opanda chitseko. Khonde lili ndi mtengo wake, koma si wofanana ndi wa chipinda chogona.

Pa pulasitala ndi penti m'pamene anthu amakangana kwambiri, chifukwa mita yake si ya pansi, ndi ya pachipupa. Nyumba yathu ija ukaizungulira kunja ndi mamita 26. Chipupa chikakhala chotalika mamita 3, kunja kokha kuli masikweya mita 78. M'kati muli ena pafupifupi 73. Mukawonjezera chipupa chimodzi chodula zipinda, chimene chimapakidwa mbali zonse ziwiri, zonse pamodzi zipitirira masikweya mita 180. Mwini nyumba anamva "300 MT pa mita" n'kuchulukitsa ndi 42, mumtima mwake anakonzeka 12,600 MT. Mmisiri ankachulukitsa ndi 180, akudikira 54,000 MT. Onse awiri akuona ngati mnzawo ndi wakuba, chonsecho sanagwirizane chabe kuti akuyeza chiyani. Ndipo pa chipupapo chotsanipo zitseko ndi mazenera. Chitseko chimodzi ndi pafupifupi masikweya mita 2. Zenera lapakati ndi 1 kapena kupitirira pang'ono. Zitseko ziwiri ndi mazenera anayi zichotsa masikweya mita 9, ndipo 78 ya kunja ija itsika kufika pa 69. Palibe amene amapaka pulasitala pa galasi.

Mtengo umodzi, zinthu ziwiri

M'kati mwa mtengo uliwonse wa pa mita muli zinthu ziwiri: zipangizo ndi thukuta la mmisiri, limene pa pepala la mitengo limalembedwa kuti mão de obra. Mmisiri akakupatsani nambala imodzi yosagawa, simungathe kuiweruza. Mupempheni pepala la mitengo, orçamento, limene lalekanitsa ziwirizi, ndipo zipangizo zilembedwe chimodzichimodzi: matumba a simenti angati, malata angati, otalika bwanji, ochindikala bwanji, mapaso angati, misomali makilo angati, mchenga maulendo angati. Mmisiri wabwino sakwiya ndi pempho limeneli. Amene wakwiya wakuuzani kale kanthu.

Zipangizo n'zosavuta kulondoloza, chifukwa zimawerengeka. Tiyambe ndi denga. Denga limaposa nyumba kukula, chifukwa limapendekeka ndipo limatulukira kunja kuti mvula isamenye chipupa. Nyumba ya mamita 7 ifuna denga la mamita 8 mulitali. Lata la mtundu wa IBR likakhomedwa limaphimba masentimita 68 ndi theka mulifupi, chifukwa m'mphepete limalowana ndi linzake. Gawani mamita 8 ndi muyeso umenewu: mupeza malata 12 mbali imodzi, 24 mbali zonse ziwiri, a mamita 3.6 lililonse. Mmisiri akalemba 26, mwina akusungira lowonongeka. Akalemba 34, afotokoze kumene 10 enawo akupita. Malata a mafunde ang'onoang'ono ali ndi mulifupi wina, choncho funsani m'sitolo kuti lata limodzi limaphimba masentimita angati likakhomedwa, osati lili pansi.

Pa kuchindikala kwa lata pali msampha wina wa m'malire. Kuno timawerenga m'mamilimita, ndipo nambala ikakula lata lachindikala: la 0.40 ndi lolimba kuposa la 0.25. Ku Malawi amawerenga geji, ndipo kumeneko zimayenda chobwerera: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Wogulitsa akakuuzani monyadira kuti "awa ndi a 32", musaganize kuti akukupatsani olimba. Amisiri awiri angathe kutchula mtengo wofanana wa pa mita, wina akukhoma malata oti akhala zaka zambiri, wina akukhoma oti munthu akaponda amapindika ngati chitini.

Simenti nayo ili ndi masamu ake. Thumba ndi makilogalamu 50. Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, ndipo ya 42.5 ndi yamphamvu koposa, mtengo wakenso ndi wokwererapo. Popaka pulasitala wochindikala sentimita imodzi ndi theka, thumba limodzi limakwana masikweya mita 8 mpaka 10. Chipupa chakunja chija cha masikweya mita 69 chifuna matumba 8 kapena 9. Ngati njerwa zake ndi zokhotakhota, monga zimakhalira njerwa zambiri zowotcha pamudzi, pulasitala amadya zambiri, ndipo matumba 11 kapena 12 si odabwitsa. Koma matumba 20 ndi nkhani ina. Pothira konkire pansi, masikweya mita 37 pa kuchindikala kwa masentimita 8 afuna matumba pafupifupi 18, osawerengera wosalaza pamwamba. Pomanga ndi mabuloko a masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu, sikweya mita imodzi ya chipupa imalowa mabuloko 12 ndi theka.

Tsono mantha athu asakhale pa zochuluka zokha. Mmisiri amene walemba matumba ochepa kwambiri ndiye woopsa koposa. Akati pansi ponsepo athira ndi matumba 8, mtengo wake wa pa mita uoneka wokoma, koma wachulukitsa mchenga. Chaka chisanathe tsache liyamba kutola simenti yanu.

Chifukwa chiyani mtengo wa ku Cuamba si wa ku Itepela

Mbale wanu wa ku Nampula kapena wa ku Maputo akakuuzani pa foni kuti "kuno timalipira mwakuti pa mita", musathamangire kukalipira mmisiri wanu. Mtengo wa zomangira umakula ndi ulendo. Mu 2021, fakitale ya Dugongo itatsegulidwa ku Matutuíne, m'chigawo cha Maputo, simenti inatsika mtengo kwambiri kum'mwera. Ife tinamva pa wailesi, koma thumba lotsika mtengo ku Maputo silifika ku Niassa lili lotsika. Simenti yochokera ku Nacala imayenda makilomita oposa 500 isanafike ku Cuamba. Kuchoka apo kukafika ku Mandimba ndi enanso pafupifupi 150. Msewu wa N13 tsopano ndi wa tala kuyambira ku Cuamba, kudutsa Mandimba ndi Massangulo, mpaka ku Lichinga, ndipo izi zachepetsa mavuto amene tinkaona kale nthawi ya dzinja. Koma tala amathera pamsewu waukulu. Amene akumanga m'midzi ya m'kati mwa Mitande, Itepela kapena Etatara amalipiranso galimoto, thirakitala, ngakhale njinga zamoto zonyamula matumba awiriawiri. Kwa iwo thumba lililonse lili ndi mitengo iwiri, wa m'sitolo ndi wa pamsewu. Komanso iwo ali ndi mwayi umene wa m'tauni alibe: njerwa amaumba okha, mchenga ndi madzi zili pafupi. Choncho nyumba ya kumudzi imadula pa malata ndi simenti, ya m'tauni imadula pa njerwa, mchenga ndi amisiri. Mtengo woyenera kuyerekeza nawo ndi wa nyumba ya m'dera lanu lomwelo, yokonzedwa chaka chomwechi.

Ndikuti chaka chomwechi chifukwa mitengo sikhala malo amodzi. Mu Januwale 2023 boma linatsitsa msonkho wa IVA kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse. Pa katundu wa 50,000 MT, kutsika kumeneku ndi 500 MT yokha, ndipo mtengo wa mayendedwe umaimeza msanga. Metikali yakhala pafupifupi pa 64 pa dola imodzi kuyambira 2021, koma amalonda akhala akudandaula kuti madola akusowa m'mabanki, pamene zitsulo zopangira malata, penti ndi zina zambiri zimachokera kunja. Tsidya linalo, kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Kwa masiku ochepa katundu wa ku Chiponde ndi ku Mangochi anaoneka wotsika kwa munthu wa mametikali, kenako amalonda anakweza mitengo yawo. Amene akukuuzani kuti "ku Malawi n'zotchipa" mufunseni kuti anagula liti, anasintha ndalama pa mtengo wanji, ndipo analipira zingati ku Alfândega. Katundu wodutsa njira zachidule akalandidwa, kutchipa konse kuja kwathera pomwepo.

M'sitolo, mitengo iyenera kulembedwa poonekera, ndipo muli ndi ufulu wolandira risiti. Lamulo loteteza ogula, nambala 22 la chaka cha 2009, limakupatsani ufulu wodziwitsidwa zoona pa chimene mukugula. Oyendera malonda a boma ndiwo amalandira madandaulo a mitengo yobisika ndi miyeso yoperewera. Thumba la simenti lotsegulidwa n'kusokedwanso, kapena loumbika ngati mwala chifukwa linagona pachinyontho, musalilandire. Pa risiti ya Chipwitikizi muona kuti 84,000 amalemba 84.000,00 MT. Kadontho kali pamene ife taika kamchira, ndipo maziro awiri omalizawo ndi masentavo, sakuwonjezera kanthu. Ndiponso pokambirana, nambala ilembedwe. Kuyambira 2006, pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, alipo achikulire amene amawerengabe m'makonto ndi m'mamiliyoni akale. Wina akati "mamiliyoni 80" akutanthauza 80,000 MT ya lero. Pakamwa zimasokoneza. Pa pepala zimaoneka.

Thukuta la mmisiri

Apa ndilankhule mokomera mmisiri pang'ono, pakuti nayenso ndi mbale wathu, mwinanso amakhala nafe m'kalasi lomweli madzulo. Mtengo woyenera si wotsikitsitsa. Njira yoyezera mão de obra ndi kuisandutsa masiku. Mufunseni kuti abwera ndi anthu angati, ndipo atenga masiku angati. Tinene kuti wapempha 30,000 MT, abwera ndi othandiza awiri, ntchito itenga masiku 25. Anthu 3 kuchulukitsa ndi masiku 25 ndi 75. Gawani 30,000 ndi 75: aliyense akupata 400 MT pa tsiku, ngakhale mmisiri atenga zoposa othandiza ake. Tsopano muli ndi nambala imene mungathe kuiweruza nokha, chifukwa mukudziwa zimene munthu amalandira pa ganyu ya tsiku kwanuko, ndipo mukudziwa kuti luso la mmisiri liyenera kuposa pamenepo. Mukamufinya mpaka avomere 12,000 MT pa ntchito yomweyo, aliyense watsala ndi 160 MT pa tsiku. Avomera chifukwa kunyumba kulibe ufa. Koma sabata yachiwiri apeza ntchito ina yolipira bwino, yanu n'kuima denga lili theka, mitambo ya Novembala ikusonkhana. Kapena matumba awiri a simenti amera miyendo usiku. Sindikuvomereza kuba, ndikungonena kumene kumayambira nthawi zambiri.

Nkhani ya chakudya ikambidwenso poyamba. Nsima ndi ndiwo za anthu atatu kwa masiku 25 ndi ndalama, ndipo mtolo umenewu umagwera amayi a pakhomo, amene kawirikawiri sanaitanidwe pokambirana mtengo. Amayi, khalanipo pa zokambiranazo. Fodya uja munasoka nonse.

Mudziwenso kuti ntchito yaing'ono imadula pa mita kuposa yaikulu. Bafa ndi chimbudzi cha masikweya mita 4 chili ndi mapaipi, chitseko, dzenje ndi pulasitala wosalowa madzi. Mukagawa mtengo wake ndi 4, nambala yake ikuopsani, chonsecho mmisiri sanakubereni. Galimoto yobweretsa mchenga imalipiritsa ulendo wathunthu, kaya mukukonza chipinda chimodzi kaya zinayi. Mtengo wa pa mita umayerekezeka pakati pa ntchito zofanana zokha: denga ndi denga, pulasitala ndi pulasitala.

Zimene mita siona

Kukonza nyumba yakale kumasiyana ndi kumanga yatsopano pa chinthu chimodzi chachikulu: simudziwa zimene zabisala. Mmisiri akachotsa malata akale ndi pamene mumaona kuti chiswe chinadya mitanda. Akagogoda pulasitala wakale ndi pamene mumaona kuti njerwa zinamangidwa ndi matope, ndipo mng'alu watsika mpaka ku maziko. Palibe mtengo wa pa mita umene ungaone zimenezi pasadakhale. Choncho musanagwirizane, mmisiri akwere padenga, abaye mitanda ndi msomali, akumbe pang'ono pambali pa maziko. Ndipo inu musapereke ndalama yonse ku pepala la mitengo. Pa 100 MT iliyonse, sungani 10 kapena 15 pambali. Ngati nyumba ili ndi ming'alu yolowa dzanja, funso lisakhalenso la mtengo wa pa mita. Funsani ngati n'koyenera kuveka malata atsopano pa zipupa zoti zigwa.

Pali zinthu zina zotsika mtengo zimene amisiri amazisiya kuti nambala yawo ioneke yaing'ono, koma ndi zomwezo zimene zimasunga denga pa mphepo. Mitanda imangiriridwe ku chipupa ndi waya wochindikala kapena chitsulo chopyapyala, cholowa m'kati mwa njerwa mizere ingapo kutsika pansi, osati kungoisanjika pamwamba n'kutsekera ndi matope. M'mphepete mwa denga ndi pamsonga pake misomali ikhale yothithikana, pakuti mphepo imayambira pamenepo kukanganula. Denga lisatulukire kunja mopitirira theka la mita. Denga la khonde likhale lapalokha, kuti likauluka lisatenge la nyumba. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa malata ochepa chabe. Amene anaona malata atakulungika pa mtengo Freddy atadutsa safuna kuuzidwa kawiri. Poyerekeza mapepala a amisiri awiri, yang'anani ngati waya, misomali yokwanira ndi mankhwala a chiswe zalembedwa. Wodula ndi 100 MT pa mita amene walemba zimenezi ndi wotchipa kuposa amene wazisiya.

Ndipo musakhutire ndi pepala lokha. Safunsa anadya phula. Pitani mukaone nyumba imene mmisiriyo anakonza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha imene penti wake akadali kuwala. Funsani eni ake ngati ikudontha, ngati anamaliza pa nthawi, ngati mtengo unasintha pakati pa ntchito.

Pepala la pangano

Mukasankha mmisiri, lembani pangano. Siliyenera kukhala la Chipwitikizi chozama. Tsamba limodzi la m'kope likwana: mayina anu awiri, ntchito yake, miyeso imene mwayeza limodzi, mtengo wa pa mita ndi mtengo wonse, amene agule zipangizo, tsiku loyamba ndi lomaliza. Pakhale mboni ziwiri, ndipo ndi bwino mmodzi akhale mlembi wa bairro kapena mfumu ya m'mudzi. Aliyense asunge lake. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu wanu.

Ndalama iperekedwe m'magawo, motsata ntchito yooneka ndi maso: pang'ono poyamba, ina mitanda ikakwera, ina malata akakhomedwa. Mukalipira pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, musafufute uthenga wake, ndi umboni. Mukalipira pamanja, alembe m'kope kuti walandira. Zipangizo, ngati mungathe, kaguleni nokha limodzi ndi mmisiri, ndipo matumba opanda kanthu muziwasunga n'kumawawerenga madzulo. Ntchito yowonjezera ikapezeka pakati, monga mitanda yodyedwa ija, imani kaye, gwirizanani mtengo wake, lembani pansi pa pangano lomwelo, ndipo kenako apitirize.

Ngati mukukuza nyumba kapena kusintha kamangidwe kake, yambani mwafunsa za chilolezo. Ku Cuamba ndi ku Mandimba funsani ku ofesi ya munisipiyo. Ku Ngauma, ndi m'madera a kunja kwa matauni awiriwa, funsani ku SDPI, ofesi ya boma la distrito yoona za mapulani ndi zomangamanga. Kumbukiraninso kuti m'dziko lino nthaka ndi ya Boma, inu muli ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene umatchedwa DUAT, ndipo nyumba ndiyo yanu. Ngati nyumbayo ndi ya masiye ndipo abale simunagawane, khalani pansi musanathirepo ndalama ya fodya, kuti mawa asadzanene kuti munakonza nyumba ya tonse mwa kufuna kwanu.

Lamulo la Código Civil limatcha pangano lotere empreitada, ndipo limakutetezani ngati muchita mbali yanu pa nthawi yake. Tsiku lolandira ntchito, yenderani nyumba yonse limodzi ndi mmisiri ndi mboni. Cholakwika chooneka ndi maso chinenedwe tsiku lomwelo n'kulembedwa, pakuti mukalandira osanena kanthu, lamulo limatenga kuti munachivomereza. Cholakwika chobisika chikaonekera pambuyo pake, muli ndi masiku 30 omudziwitsa kuchokera tsiku limene mwachiona. Pa zolakwika zazikulu za kamangidwe, zoti nyumba ingagwe nazo, womanga amakhala ndi mlandu mpaka zaka 5. Akakana kukonza, yambirani kwa mboni zija ndi ku bwalo la m'dera, tribunal comunitário. Zikakanika kumeneko, a IPAJ amathandiza ulere anthu amene sangathe kulipira loya.

Koma denga lokhomedwa mu Ogasiti silidziwika ngati likudontha mpaka mvula igwe. N'chifukwa chake pa pangano paja muwonjezere mzere umodzi: gawo lomaliza, 10 pa 100 iliyonse ya mão de obra, lidzaperekedwa mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, m'nyumba mukapezeka mouma. Pa chitsanzo chathu cha 30,000 MT, ndi 3,000 MT. Muuzeni mmisiri zimenezi tsiku loyamba, asanakwere padenga, ndipo mvulayo ikadutsa bwino mumupatse ndalama yake tsiku lomwelo.